Mlendo ndi Mame: Ndalama ndi Ubale pa Ntchito Yosunga Zakale

Omvera amene adayendapo pa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre akudziŵa kuti galimoto likangooloka mtsinje wa Linthipe, dziko limayamba kukwera, mphepo imayamba kuzizira, ndipo mbali zonse ziŵiri kumaoneka mapiri a miyala ikuluikulu. Ameneŵa ndiwo mapiri a Dedza. Anthu ambiri amalidziŵa derali chifukwa cha mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba zimene amagula pa Chimbiya kapena pa Bembeke. Koma m'mapanga a mapiri omweŵa muli chuma china chimene sichipezeka pa msika. Nkhani ya lero ikukhudza anthu amene ntchito yawo ndi kusunga chumacho, mabungwe amene amaŵalumikiza ndi anzawo a m'maiko ena a mu Africa, ndiponso funso limene lasautsa mabungwewo kwa zaka zoposa 30: kodi ndalama zoyendetsera ntchito imeneyi zizichokera kuti?

M'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri oizungulira muli malo 127 pamene anthu akale adajambula zithunzi pa miyala. Zithunzi zofiira ndizo zakale koposa, ndipo akatswiri amati adazijambula Akafula, anthu aja osaka nyama amene Acheŵa adaŵapeza m'dziko muno. Zithunzi zoyera adazijambula Acheŵa eni ake ndi dothi loyera, pogwiritsa ntchito zala. Zina mwa izo ndi za chinamwali cha atsikana, zimene anamkungwi ankaphunzitsira anamwali mwambo. Zina ndi za zilombo za Gule Wamkulu. Kujambulaku kudapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900, motero ku Mphunzi, ku Namzeze ndi ku Chencherere munthu amaona ntchito ya manja a agogo a anthu omwe akulima m'munsi mwa mapiriwo lero lino.

Mbiri ya kafukufuku wa zithunzizi ndi mbiri ya anthu a maiko osiyanasiyana ogwira ntchito pamodzi. M'chaka cha 1969 Boma lidaika mapanga a ku Chencherere m'gulu la malo otetezedwa ndi lamulo. M'chaka cha 1972 katswiri wotchuka wa zofukulidwa pansi, Desmond Clark, adakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere. Gadi Mgomezulu, Mmalaŵi, adafukula malo ena a ku Linthipe ndi ku Chongoni m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Wansembe Matthew Schoffeleers ndi mnzake Lindgren adalemba za ubale wa zithunzi zoyera ndi Nyau m'chaka cha 1978. Pambuyo pawo padadza Yusuf Juwayeyi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Benjamin Smith adayenda phanga ndi phanga kulemba m'kaundula zonse zimene adaona. Aliyense wa iwo adamanga pamene mnzake adasiyira.

Kusunga zakale ndi ntchito yofuna maphunziro. Wosunga nyumba ya zinthu zakale, imene ambiri amaitchula kuti myuziyamu, ayenera kudziŵa kuteteza mtondo wosema ku chiswe ndi anankafumbwe, nsalu ku chinyezi, chitsulo ku dzimbiri. Ayenera kudziŵa kulemba chinthu chilichonse m'kaundula, kuti chikabedwa chizindikirike ngakhale chitapezeka ku London kapena ku Paris. Wosamala mapanga ayenera kudziŵa kuchotsa makala amene ana alembera maina awo pa mwala popanda kufafaniza chithunzi chimene chili pansi pake. Akatswiri otere m'dziko limodzi ngati Malaŵi ndi oŵerengeka, ndipo amene wakumana ndi vuto ku Dedza kaŵirikaŵiri amapeza yankho kwa mnzake wa ku Livingstone, ku Harare kapena ku Nairobi. Ndiponso zithunzi zomwezo sizidziŵa malire a maiko: zofanana nazo zili ku Kalemba ndi ku Thandwe, kummaŵa kwa Zambia, komanso m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Maganizo ameneŵa ndiwo adasonkhanitsa akatswiri a nyumba zosungiramo zakale m'mwezi wa Novembala 1991, pa misonkhano imene idachitikira m'maiko atatu, Benin, Ghana ndi Togo. Adaiitanitsa ndi a bungwe la ICOM, limene limalumikiza nyumba zotere pa dziko lonse. Mtsogoleri wake pa nthaŵiyo adali Alpha Oumar Konaré wa ku Mali, munthu woyamba wa mu Africa kukhala pa mpandowo, yemwe chaka chotsatira adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko lake. Konaré adalimbikira mfundo yakuti myuziyamu yongotengera ya ku Ulaya siingathandize anthu a mu Africa, ndipo kuti pafunika kupeza njira zosungira zakale zogwirizana ndi moyo wa anthu a kuno. M'misonkhano imeneyi mudabadwa ntchito yotchedwa AFRICOM. Omvera asasokoneze dzinali ndi la gulu la asilikali a ku America limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2007. Ziŵirizi zikungofanana dzina.

Ntchitoyo idabala zipatso zooneka. Padachitika misonkhano yolimbana ndi kuba ndi kuzembetsa zinthu zakale, ku Arusha m'chaka cha 1993, ku Bamako mu 1994 ndi ku Kinshasa mu 1996, kumene osunga zakale adakhala pamodzi ndi apolisi ndi a kasitomu. M'chaka cha 1996 mudatuluka buku lothandiza nyumba zonse za mu Africa kulemba katundu wawo m'njira imodzi. Kenaka mu Okutobala 1999, pa msonkhano wa ku Lusaka m'dziko la Zambia, AFRICOM idasanduka bungwe loima palokha, lotsogozedwa ndi anthu a mu Africa, ndipo likulu lake lidakakhala ku Nairobi, m'nyumba za National Museums of Kenya. Msonkhano waukulu wa mamembala udachitikira ku Nairobi komweko mu 2003, wina ku Cape Town mu 2006.

Koma ngakhale utsogoleri udali wa anthu a kuno, thumba lidali la alendo. Ndalama zambiri zoyendetsera bungweli zinkachokera ku bungwe la boma la Sweden lotchedwa Sida, ndi ku mabungwe a ku America monga Ford Foundation ndi Getty. Zimene mamembala ankasonkha zidali zochepa zedi poyerekeza ndi zimene likulu linkasoŵa. Thandizo la kunja litayamba kuchepa, ntchito za bungweli zidazilala, misonkhano idatalikirana, ndipo akatswiri amene adazoloŵera kumvana adabwerera aliyense pa ngodya yake. Adayesayesa kulitsitsimutsa pambuyo pake, koma funso la ndalama lidali likadali pomwepo.

Pali zifukwa zitatu zimene zinthu zimayendera motero, ndipo sizikhudza AFRICOM yokha. Choyamba ndi mtundu wa ndalama zimene mabungwe othandiza amapereka. Iwo amakonda kulipira ntchito yokhala ndi poyambira ndi pothera: maphunziro a milungu iŵiri, buku limodzi, chionetsero chimodzi, nyumba imodzi. Ntchito yotere imaoneka, imajambulika, ndipo imalembeka bwino mu lipoti. Koma bungwe lolumikiza anthu limakhala ndi moyo chifukwa cha zinthu zosaoneka: malipiro a mlembi amene amayankha makalata, lendi ya ofesi, magetsi, intaneti, ndi woŵerengera ndalama. Zimenezi zilibe pothera, ndipo othandiza ambiri safuna kuzisenza kwa nthaŵi yaitali. Zaka zitatu kapena zisanu zikatha, pangano limatha, mlembi nkupita kukafuna ntchito kwina, ndipo zonse zimene ankadziŵa amapita nazo.

Chachiŵiri ndi kuchepa mphamvu kwa mamembala eni ake. Wantchito wa myuziyamu m'maiko ambiri a mu Africa ndi wantchito wa boma wa malipiro ochepa. Ndalama za umembala zikamafunika m'madola, iye ayenera kusankha pakati pa bungwe ndi fizi ya mwana, ndipo kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira mu 2012, mu 2022 ndi mu 2023, mtengo wa umembalawo umakwera iye asadalandire kanthu koonjezera. Ulendo wa pa ndege kuchoka ku Lilongwe kupita ku West Africa ndi wokwera mtengo kwambiri. Pa msonkhano pamafunikanso omasulira Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi. Ndipo m'ndondomeko ya chuma cha boma, nthambi ya zakale imapikisana ndi mankhwala a m'zipatala, feteleza ndi mabuku a m'sukulu, mpikisano umene siingapambane kaŵirikaŵiri.

Chachitatu ndi chobisika, koma ndicho choopsa. Bungwe limene likudya kwa mlendo limayamba kuyang'ana kwa mlendoyo. Mlendo akati chaka chino mtima wake uli pa za achinyamata, bungwe limalemba pempho la za achinyamata. Akati uli pa zojambula zinthu ndi kompyuta, bungwe limatembenukira komweko, ngakhale denga la mosungira katundu likudontha. Malipoti amalembedwa mosamala kupita ku Stockholm kapena ku New York, pamene membala wa ku Mangochi kapena ku Mzuzu sadziŵa kuti ndalama zidayenda bwanji. Pang'ono ndi pang'ono mamembala amayamba kuliona bungwe ngati malo opezerako ulendo ndi alawansi, osati ngati munda wawo. Tsiku limene alawansi yatha, sipapezeka wolira maliro a bungwelo.

Kunena zimenezi si kunyoza thandizo la abwenzi. Mwambi umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri ya dziko lino ikuvomereza. Nyumba ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, imene idatsegulidwa mu 1966, idamangidwa ndi ndalama za Boma pamodzi ndi za Beit Trust. Ya ku Karonga, imene imasunga mbiri ya chinyama chakale cha Malawisaurus, idatsegulidwa mu 2004 ndi thandizo la European Union. Chongoni nayo idapindula. Kuyambira mu 1998 maiko a kummwera kwa Africa adagwirizana pa ntchito yotchedwa Southern African Rock Art Project, mothandizidwa ndi Getty Conservation Institute ndi bungwe la ICCROM la ku Rome, kuti aphunzitse osamala mapanga ndi kuthandizana kukonza zikalata zopempha bungwe la UNESCO kuti lizindikire malo awo. Tsodilo ya ku Botswana idaloŵa m'ndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2001, Matobo ya ku Zimbabwe mu 2003, ndipo Chongoni idaloŵa mu 2006, chaka chimodzi ndi Kondoa ya ku Tanzania. Idali malo achiŵiri a m'Malaŵi kulandira ulemuwo, kutsatira paki ya ku Nyanja ya Malaŵi imene idaloŵa mu 1984. Phiri la Mulanje lidatsatira mu 2025.

Komabe ambiri sadziŵa kuti ulemu wa UNESCO sudza ndi malipiro a pamwezi. Udindo wosamala malowo umatsalira dziko lomwe lidapempha. Tsono adani a zithunzi za ku Chongoni ndi a tsiku ndi tsiku. Moto wotentha tchire posaka mbeŵa umasiya mwaye pa mwala. Mitengo ikadulidwa kuti ikhale nkhuni kapena makala, phanga limatsala pambalambanda, dzuŵa ndi mvula nkumagwera pa utoto umene udakhala mu mthunzi zaka mazana. Mwana woŵeta mbuzi, pothaŵa mvula, amatola khala nkulemba dzina lake. Msonkhano wa akatswiri, ngakhale utakoma chotani, sungazimitse moto wa mu Okutobala. Amene angatero ndi mlonda wolipidwa mwezi ndi mwezi, mfumu imene yalamula kuti phanga lilemekezedwe monga manda, ndi mphunzitsi amene wafotokozera ana kuti zimene zili pa mwalazo adajambula ndi agogo awo.

M'boma lomwelo la Dedza, munthu akatsika chitunda cha Golomoti kuloŵa kuchigwa cha kunyanja, amafika pa Mishoni ya Mua, m'dera la Inkosi Kachindamoto, imene ansembe a White Fathers adaikhazikitsa mu 1902. Pamenepa pali chitsanzo cha njira ina. M'chaka cha 1976 wansembe wochokera ku Canada, Claude Boucher, amene anthu adamupatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni. Adayamba ndi kuphunzitsa anthu a m'midzi yoyandikana luso la zosemasema, ndipo zosema zawo zidakongoletsa matchalitchi a m'dziko muno ndi a kunja. Pofika chaka cha 2002, pamene mishoniyo inkakwanitsa zaka 100, pamalopo padali pataima nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, dzina limene anthu ankatchulira wansembe wa ku France, Jean-Baptiste Champmartin. M'nyumbamo muli mbiri ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, ndiponso nkhope za zilombo za Gule Wamkulu zoposa 400.

Kungoni idalandira thandizo la abwenzi akunja monga malo ena onse. Kusiyana kwake nkwakuti idadzikumbira zitsime zakezake: ndalama zoloŵera pakhomo, zogulitsa zosema, za malo ogona alendo a Namalikhate, ndi za maphunziro a chikhalidwe amene inkapereka kwa alendo odzagwira ntchito m'dziko muno. Choposa apo, mabanja a osema adaona kuti chakudya chawo chili pa malowo, ndipo munthu sasiya moto kutentha nkhokwe imene iye amadyamo. Njira imeneyi nayo ili ndi zofooka zake. Malo odalira alendo amavutika alendo akasiya kubwera, monga zidachitikira pa dziko lonse mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ndipo malo amene adakula m'manja mwa munthu mmodzi ayenera kukonzekeratu za amene adzanyamule ntchito pambuyo pake. Koma amene ali ndi zitsime zinayi sagona ndi ludzu chimodzi chikaphwa.

Mabungwe ena a mu Africa adaliona vutoli msanga. Kuyambira 1990 mpaka 2000 bungwe la ICCROM lidayendetsa maphunziro a kasamalidwe ka zinthu za m'myuziyamu otchedwa PREMA. Maphunzirowo asadathe, eni ake adafunsa chimene chidzatsale, ndipo mu 1998 adakhazikitsa sukulu ya École du Patrimoine Africain ku Porto-Novo m'dziko la Benin, kenaka mu 2000 malo ena ophunzitsira ku Mombasa m'dziko la Kenya. Sukulu ya ku Benin adaitsegulira thumba lapadera, loti ndalama zoikidwamo zisadyedwe, koma sukulu izigwiritsa ntchito chiongoladzanja chokha. Mu 2006, chaka chomwe Chongoni idazindikiridwa, ku South Africa kudakhazikitsidwa African World Heritage Fund, thumba limene maboma a mu Africa amayenera kusonkhamo okha pamodzi ndi abwenzi awo. Nzeru yake ndi imene mlimi aliyense wa ku Dedza amaidziŵa: chimanga cha mbeu sachikazinga, ngakhale njala itavuta.

Koma chitsanzo chomveka koposa chili pafupi. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005 monga chuma cha maiko atatu, Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, wakhala zaka mazana popanda lipoti lopita kunja, chifukwa midzi imasonkha yokha ufa, nkhuku ndi moŵa. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti mafumu a Acheŵa a m'maiko atatuŵa amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba, aliyense atanyamula mphatso yake kwa Kalonga Gawa Undi. Umenewo ndi mgwirizano wodutsa malire umene udaima pa zopereka za eni ake. Makolo ankaitana dima, anansi nkudzalima munda wa mnzawo tsiku limodzi. Koma mwini munda ndiye ankafulula moŵa, ndipo anansi akabalalika, kupalira ndi kukolola kunkatsalira iye. Amayi a banki m'khonde nawonso amadziŵa kuti gulu limalimba pamene aliyense waponya sheya yake, chifukwa amene waponya amafunsa za kaundula.

Tsono bungwe la akatswiri osunga zakale, kaya ndi la Africa yense, kaya la maiko atatu oyandikana, lingaime ngati magawo a ntchito agaŵidwa bwino. Mamembala ayenera kusonkha, ngakhale pang'ono, m'ndalama za dziko lawo ndiponso molingana ndi malipiro awo, kuti bungwe likhale lawo ndipo akhale ndi mphamvu yofunsa atsogoleri. Maboma ayenera kusenza zinthu zosatha zija: kupereka chipinda cha ofesi, kubwereketsa wantchito mmodzi wolipidwa ndi boma, ndi kulemba chopereka cha chaka ndi chaka m'ndondomeko ya chuma. Likulu likhale laling'ono, loti lingapirire chaka cha chilala. Masiku ano akatswiri angathe kukambirana pa foni ndi pa intaneti, motero ndalama za ndege zisungidwire maulendo ofunika manja, monga kutumiza katswiri wa ku Zimbabwe kudzaonetsa anzake a ku Dedza kachotsedwe ka makala pa mwala.

Kwa abwenzi akunja, pempho likhale lomveka kuyambira tsiku loyamba. Pangano lililonse linene chimene chidzatsale likadzatha: ndani adzakhale ataphunzira, zida zidzakhala m'manja mwa yani, ndipo zithunzi ndi zolembedwa za kafukufuku zidzasungidwa kuti. Si bwino kuti mwana wa sukulu wa ku Linthipe asoŵe poŵerenga za mapanga a kwawo pamene zonse zili m'makabati a kutsidya kwa nyanja, m'chilankhulo chimene agogo ake sachimva. Gawo lina la thandizo liziloŵa m'thumba la mbeu lija. Ndipo pa mpando wokambirana pasamakhale akatswiri okhaokha. Mafumu a m'boma la Dedza monga Kachere, Kaphuka ndi Kasumbu, anamkungwi, akuluakulu a kudambwe, khonsolo ya boma, a zankhalango ndi amalonda amene amapindula ndi alendo, onseŵa ndi abwenzi amene sakwera ndege pangano likatha.

Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu suletsa kulandira alendo. Umangokumbutsa mwini nyumba kuti aŵalandire bwino podziŵa kuti maŵa adzapita. Sida, Ford, Getty ndi European Union adachita mbali yawo, ndipo ena adzabwera pambuyo pawo ndi mtima wabwino womwewo. Koma nyumba ikagwa imamangidwanso, bungwe likafa lingadzutsidwe, pamene chithunzi cha Akafula chikafafanizika palibe thumba la ndalama pa dziko lapansi limene lingachibwezere. Malo aja alipo 127 lero. Kuti adzakhale 127 pamene ana amene ali m'sukulu za ku Dedza tsopano adzakhale agogo, zidalira zimene Boma, mafumu ndi akatswiri eni ake adzaike m'thumba chaka chino ndi chaka chamaŵa, mlendo alipo kapena palibe.